Lipenga la M'kabati

Mukamadutsa mumsewu wa mashopu a zitsulo, pakhonde la sitolo ya penti mupeza bambo wina wachikulire atakhala pakabenchi, patsogolo pake pali tebulo ndi makina odulira makiyi. Dzina lenileni ali nalo, koma linatha ntchito kalekale. Wamkulu ndi mwana yemwe amangoti a Makiyi. Ndi bambo wamfupi, wa imvi za mbuu, wosachedwa kupereka moni koma wosakhalitsa pa nkhani. Mukawayang'anitsitsa muona kuti pamlomo wawo wam'mwamba pali kachizindikiro kozungulira, ngati anapsa ndi kukamwa kwa botolo. Ambiri amayesa chipsera cha ngozi. Si ngozi ayi, ndi lipenga.

Makina awo aja akayamba kudya chitsulo, abale inu, ngakhale wogontha amatembenuka. Amalira tsiku lonse ndipo palibe amadandaula, poti pamsewu phokoso ndi la aliyense. Mlandu unali kunyumba.

Paunyamata wawo a Makiyi ankagwira ntchito pafakitale ina ya mabulangete, yomwe inali ndi bandi yakeyake, ya mayunifolomu a mabatani owala. Iwo ndiwo ankaimba lipenga, ndipo akaliliza kutsogolo kwa mzere, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ankasiya malonda n'kumatsatira. Fakitale itatsekedwa, anzawo ankalimbirana mabulangete otsala. Iwo anatenga limodzi lokha, n'kupempha lipenga. A ng'oma yaikulu anabwerera kwawo, ena anatsogola, ena kaya ali kuti. Bandi yonse ija inatsala m'kabokosi kamodzi kakuda, pansi pa bedi la a Makiyi.

Ana atakula n'kubalalika, iwo ndi akazi awo anasamukira mumdadada wina wa zipinda za lendi. Mukuidziwa midadada yake: zitseko zondondozana, bwalo limodzi, mpope umodzi, chingwe choyanikira chimodzi chomwe anthu amakanganirana. Makoma ake a njerwa imodzi, oti mnzako akayetsemula kuseri umachita kufufuza mpango m'thumba mwako. Sabata yoyamba yomweyo a Makiyi anatulutsa lipenga, analipukuta, n'kuliika pamlomo. Sanafike n'komwe pakati pa nyimbo. Agalu a m'dera lonse anayankha. Mapasa a chipinda chakumapeto, omwe mayi awo anavutika nawo kuwagoneka, anadzuka onse awiri. Mlonda wa chipinda choyandikana, yemwe ankagona masana, anatuluka atangomangira thaulo, maso ali psuu. Kenako anatulukira a landilodi, akupumira m'mwamba.

"Bambo, ndimakulemekezani," anatero a landilodi. "Koma pano ndi pogona anthu, si pabwalo la asilikali. Ndikadzangomvanso chinthu chimenechi, mukaimbira pamsewu, inu ndi katundu wanu yemwe."

A Makiyi si anthu a mikangano. Anapepesa khomo ndi khomo, chipewa chili m'manja. Koma lipenga ndi chinthu cha nsanje. Ukalisiya masiku ochepa chabe mlomo umafewa, ndipo ukadzabwerera limakuyankha ngati silikukudziwa. Ndiye anayamba kuyesa nzeru. Anatseka kukamwa kwa lipenga ndi sokosi, likumveka ngati mbuzi ya chimfine. Anaimbira mupilo, nthenga zinawalowa m'mphuno. Anapita kubwalo la mpira, ana anawazungulira n'kumawayeseza, zidakwa zikuwalamula nyimbo zoti aimbe. Anabwerera kunyumba atakwinya nkhope, n'kukhala pabedi, bokosi lili pamiyendo.

Akazi awo, mayi wa nthabwala zosatha, anawayang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Nanga osalowa m'kabatimo bwanji, mukaimbire madiresi angawo? Iwo aja sadandaula, ndipo sadziwa kwa a landilodi."

Ankanena moseka, koma a Makiyi anadzuka ndithu. Kabati yake inali chimkabati chakale cha matabwa olemera, chomwe pochilowetsa m'chipindamo anachita kuchotsa chitseko. Inatsamira khoma la mbali ya mlonda uja. Anakankhira madiresi uku ndi uku, anaikamo kampando, anapachika bulangete la kufakitale lija kuseri kwa chitseko, n'kudzitsekera. Kukamwa kwa lipenga anakulowetsa m'chijasi chaubweya cha mayi, pambali pa diresi lobiriwira lomwe ankavala kumaukwati. Mayi anatuluka kukaima pampope, akunamizira kutsuka ndowa. Atabwerako anatsegula kabati akuseka mpaka kugwira nthiti.

"Kunjaku kuli zii! Mwina udzudzu ndiye ungakuposeni. Koma tulukani ndikuoneni, a bandi, thukuta limeneli!"

Kuyambira tsiku limenelo unakhala mwambo wa awiriwo. A Makiyi akaweruka, dzuwa litapendeka, mlonda atanyamula chibonga chake kupita kuntchito, ankasamba m'manja, kuvula malaya, n'kulowa m'kabati. Mayi ankatereka madzi a tiyi. Tiyi akapsa ankabwera n'kugogoda pachitseko cha kabati, gogogo. Mkati munkamveka liwu loti, "Ndikubwera, mayi!" Koma kubwera kwake kuti? Munthu wa lipenga sasiya nyimbo panjira. Ankaimaliza kaye mpaka kumchira, potuluka n'kupeza tiyi atazizira, mayi akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi njenjete yodya zovala. Ana sanauzidwe. A Makiyi anachita kuwalumbiritsa akazi awo, poti bambo wa zidzukulu kumadzitsekera m'kabati si nkhani yoti imveke kwa apongozi.

Mayi anadwala nthawi yochepa. Zinayamba ngati kutopa wamba, mwezi usanathe anthu anali akuimba nyimbo pabwalo lija, chingwe choyanikira atachimasula kuti papezeke malo. Zonse zitatha achibale anafuna kulongedza zovala za malemu. A Makiyi anaima kutsogolo kwa kabati n'kunena mawu awiri okha: "Zisiyeni kaye." Anthu anayang'anana n'kugwedeza mitu, amvekere chikondi chake chimenechi. Chinali chikondi, inde. Koma panalinso china chomwe sakanatha kuchitchula. Nanga munthu unganene bwanji, maso a anthu adakali ofiira, kuti madiresi a mkazi wanga ndikuwafuna chifukwa amameza phokoso?

Anapitiriza kulowa m'kabati. Munkanunkhirabe sopo wa mayi ndi mafuta awo odzola. Kusiyana kwake kunali kwakuti panalibe wogogoda. Ankaimba mpaka mlomo kuchita dzanzi, n'kutuluka okha, kutereka okha madzi, kumwa tiyi wotentha bwinobwino. Anamuda tiyi wotenthayo.

Patapita nthawi mlonda uja anasamuka, ndipo m'chipinda chake munalowa mayi wina wosoka zovala, wamtali, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anthu ankangoti mayi Telala. Ankakhala okha. Makina awo anali opalasa ndi mapazi, ndipo kuyambira m'mawa khoma linkangonjenjemera, njenjenje, njenjenje. Ndi a Makiyi ankakumana pampope.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, kaya inu, mayi?"

"Ndadzuka. Madziwa lero akutuluka mwaulesi."

"Eetu."

Basi, nkhani n'kuthera pomwepo, wina uku wina uku ndi ndowa yake. Zaka zinadutsa akudyetsana moni womwewo.

Koma a Makiyi anazindikira chinthu chimodzi. Akangolowa m'kabati n'kuyamba kuimba, makina a kuseri aja ankaima. Tsiku loyamba anadikira kuti amva a landilodi pakhomo. Sikunabwere munthu. Ndiye anadziuza kuti, ndi nthawi yawo yopuma imeneyi, mayi wa anthu wapalasa tsiku lonse, mwina amatsamirako pang'ono. Poganiza zimenezo anayamba kuimba motsitsa kwambiri. Nyimbo zoguba zija, zodumphadumpha, anazisiyiratu. Anatsala ndi zoyenda pang'onopang'ono, za mawu aatali, zomwe ankazitulutsa ndi mpweya wochepa ngati akuuzira tiyi wa mwana. Ankanyadira ndithu kuti mdadada wonse palibe akudziwa. Koma kunena zoona, kunyada kwake kunali kowawa. Munthu amene anthu ankasiya malonda kuti amumve, tsopano luso lake lonse linali loti asamveke. Masiku ena akamaliza nyimbo bwino, mopanda kuphonya paliponse, ankakhala mumdimamo kudikira, osadziwa chomwe akudikira.

Tsiku lina pobwera kuntchito anapeza chitseko chili chotsegula. Mwana wawo wamkazi, mzime, amene anakwatiwa kutali, anali atakhala pabedi. Pansi panali zikwama zikuluzikulu zitatupa. Kabati inali yasa, mkati muli mahang'ala okhaokha, ndi kampando kaja kali poyera ngati wakuba wogwidwa masana.

"Ababa," anatero mwanayo, "bwanji osandiuza?"

"Kukuuza chiyani, mama?"

"Mayi osoka a khomo linalo andiitanira pambali. Akuti akhala akudziletsa nthawi yaitali, koma mtima wawakanika. Akuti tsiku lililonse mukabwera kuntchito mumadzitsekera penapake n'kumalira, kulira kwake kochokera pansi pa mtima. Ine ndimati akukokomeza. Ndiye ndatsegula umu, ndapeza mpando." Analoza kampandoko, misozi ili chuchuchu. "Mpando, ababa! M'kati mwa zovala za amayi! Taonani chijasichi mmene chaperepesekera apa, pomwe mumaika nkhope. Mudzafa nazo zimenezi. Ndazitenga. Ndikagawira azakhali ndi ena osowa. Mukwiye, musakwiye."

A Makiyi anatsegula pakamwa. Bokosi lakuda linali pansi pa bedi pomwepo, kuseri kwa zidendene za mwana wawo. Kukanangotengera kuwerama n'kulikoka. Koma taganizani inuyo: mwana wayenda ulendo wonsewo, akulira chifukwa chomvera chisoni bambo ake, ndiye iwe umuuze kuti iyayi mwanawe, sindimalira amako, ndimaimba lipenga? Komanso akanalumbira kuti kulira munalibemo? Iwo eni sankadziwa. Anatseka pakamwa paja, anakhala pambali pa mwanayo, n'kumusisita pamsana.

"Wachita bwino, mama," anatero.

M'mawa mwake ananyamula okha chikwama cholemera kwambiri kukamukweza basi. Pakona pake pankasuzumira kansalu kobiriwira. Anakakankhira mkati ndi chala kuti kasade.

Madzulo ake analowabe m'kabati, poti miyendo inazolowera. Anakoka chitseko, anaika lipenga pamlomo, n'kuuzira pang'ono chabe monga mwa masiku onse. Mayo ine! Kabati yopanda kanthu ndi ng'oma. Liwu linagunda thabwa ili, kubwerera ku linalo, chipinda chonse chinachita kulindima. Kunja make mapasa anakuwa kuti, "Kodi ndi galimoto ya ndani yalowa kumpanda kuno?" A landilodi anazungulira bwalo lonse akusuzumira m'makomo. A Makiyi anakhala phee mumdima, lipenga atalikumbatira ngati mwana woti asalire, mpaka mapazi aja anapita.

Anayesa kupachikamo zawo. Koma mwamuna wokhala yekha ali ndi zovala zingati? Malaya ochepa, mathalauza, ndi bulangete lakale lija. Sizinameze kanthu. Ndiye anasiya. Akaweruka ankakhala pabedi n'kumangodina mabatani atatu a lipenga ndi zala, tiki tiki tiki, nyimbo ikuyenda m'mutu mokha. Kuseri makina sanaimenso, ankangopalasa mpaka kuda. Kachizindikiro ka pamlomo kaja kanayamba kuzilala, ndipo pometa ndevu ankapewa kukayang'ana.

Pampope mayi Telala anawonjezera mawu pamoni uja. "Koma masiku ano mukuoneka kuti mwayamba kupezako bwino, bambo."

"Pang'ono," anayankha a Makiyi, maso ali pandowa.

Mumtima anali atawakwiyira koopsa. Pakamwa pa munthu! Ndani anawatuma? Akanasoka zosoka zawozo, bwenzi zonse zili m'malo. Koma ukamukwiyira munthu woti amafuna kukuthandiza, mkwiyo wake umasowa kolowera. Anayamba kutunga madzi m'mamawa kwambiri kuti asakumane nawo.

Miyezi ingapo itadutsa, tsiku lina masana, anangoona mayi Telala aima patsogolo pa tebulo lawo kumsewu kuja, kiyi ali m'manja.

"Mundidulireko mnzake wa ameneyu. A landilodi anandipatsa awiri, wina ndinataya kalekale, ndiye akufuna ndibweze onse."

"Mukusamuka?"

"Loweruka. Maso atha, bambo. Ulusi ndimachita kulowetsa mongoganizira. Mwana wanga wamwamuna wati ndizikakhala kwa iye, ndizikalera zidzukulu."

A Makiyi anamanga kiyi pamakina. Chitsulo chinalira, tiziphuliphuli tikuthetheka. Mayi Telala anakhala pamphepete pa benchi, chikwama chili pamiyendo, n'kudikira kuti phokoso lidukize.

"Ndisapite ndi mawu kukhosi," anatero. "Ndine ndinauza mwana wanu. Ndaona kuti chiyambire pamenepo moni wanu wafupika, ndipo sindikukudandaulani. Koma ndikuuzeni, ndinadzilakwira ndekha. Inetu bambo a kunyumba anandisiya chaka chomwe ndinabwera pamdadada paja. Masana ndinkalimba nazo, poti makina salola munthu kuganiza. Koma inu mukayamba kuseri kuja, ine ndinkachotsa mapazi pamakina, kukoka mpando, n'kutsamira khoma. Inu mukulira wanu, ine ndikulira wanga. Kulira wekha kumatopetsa, bambo. Pamene paja ndinkamva ngati tili awiri pamphasa imodzi. Chilekereni inu, misozi yanga inauma, yangokhala pachifuwa apa. Ndimati ndikuchiritseni, ndiye ndinadzitsekera ndekha mpope."

A Makiyi anazimitsa makina. Anavula magalasi otchingira maso, anawapukuta, anawavalanso, kenako anawavulanso.

"Mayi," anatero, "lija silinali liwu langa."

"Mwati bwanji?"

"Ndi lipenga. Ndimaimba lipenga. A landilodi analetsa, ndiye ndinkaimbira m'kabati, m'kati mwa zovala za malemu, kuti ndisasokoneze anthu. Makina anu akaima ndinkayesa mwagona, ndiye ndinkatsitsa kuti ndisakudzutseni."

Mayi Telala anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako phwete! Anaseka mayi uja, anaseka mpaka magalasi kugwera pamiyendo, mpaka mnyamata wa m'sitolo ya penti kusuzumira. A Makiyi anayesa kulimba, koma nawonso chinawagwira, mapewa akugwedezeka.

"Lipenga! Ndiye ine zaka zonsezi ndakhala ndikukhuza maliro a lipenga?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Komatu ndinkadabwa. Ndinkati bambo amenewa amalira mwadongosolo bwanji! Kukwera pomwepomwepo, kutsika pomwepomwepo, Lolemba mpaka Loweruka. Ndinkati kaya ndi mmene amalirira anthu ophunzira."

"Nanga osagogoda n'kufunsa?"

"Nanga inu osafunsa kuti makina akuimiranji? Safunsa anadya phula, bambo, ndipo ife tadya tonse, mbale imodzi."

Kuseka kunatha. Mayi Telala anayang'ana magalimoto odutsa.

"Ndiye kuti ndinakulandani zonse ziwiri," anatero motsitsa. "Zovala za akazi anu, ndi nyimbo zomwe."

"Munkafuna zabwino."

"Zabwino zake zimenezo?"

A Makiyi anapala kiyi uja ndi tupa, anamuuzira, n'kuwapatsa. Mayi atatsegula chikwama iwo anakweza dzanja kukana. Anawayang'ana akuwoloka msewu mosamala, ngati munthu wosakhulupirira maso ake, mpaka anabisika kuseri kwa basi.

Loweruka a Makiyi anaweruka msanga, osadziwa kuti akufulumirira chiyani. Pabwalo panali lole yaing'ono. Mwana wa mayi Telala, bambo wa changu, wa foni yosachoka kukhutu, ankalamula anyamata onyamula katundu. Makina osokera anali atakwezedwa kale, atamangidwa ndi chingwe ngati mbuzi yopita kumsika. A Makiyi analowa m'chipinda mwawo n'kukhala pabedi. Posakhalitsa anamva "Odi!" pakhomo, kwa nthawi yoyamba chifikire mayi uja pamdadadapo.

Sanaone nkhope, anaona mulu wa zovala uli ndi miyendo. Mayi Telala anautula pabedi, wefuwefu.

"Telala aliyense ali nazo izi," anatero. "Anthu amasoketsa n'kusowa. Ili ndi diresi la ukwati womwe unatha usanachitike. Iyi ndi suti ya bambo wina amene ananenepa ndisanamalize. Awa ndi makatani a mayi wina wolongolola, anati maluwa ake ndi aakulu. Ndasunga zaka ndi zaka kuti mwina abwera. Kwa mwana wanga kulibe malo ake. Tatsegulani kabatiyo."

Mayi Telala anapachika okha, chimodzichimodzi, zolemera kumbuyo, zopepuka m'mbali, akufunsa kuti kukamwa kwa lipenga kumaloza kuti. Pamenepo anaikapo suti ija, n'kuikutira ndi makatani. A Makiyi anangoima ndi mahang'ala m'manja ngati mwana wothandiza mayi ake.

"Eya. Lowani tsopano."

"Ndiimbire pompano, mayi, mulione n'kuliona. Lero lokha a landilodi atukwane."

"Iyayi, inu mukutsala pano, musadziputire mlandu. Ndiponso ine pamaso sindingalidziwe. Ndinalizolowera kuseri." Anafika pakhomo n'kutembenuka. "Ija yokwera pang'onopang'ono, kenako n'kugwa ngati munthu wakhala pansi. Muimbe imeneyo."

A Makiyi anakoka bokosi pansi pa bedi. Anavula malaya, analowa, anakoka chitseko. Mumdimamo munkanunkhira mafuta a makina ndi choko cholembera nsalu. Fungo la sopo lija linali litapita ndi eni ake. Anamva mapazi kuseri, m'chipinda chopanda katundu, kenako kukhuzika kwa nsalu pakhoma, pafupi penipeni ndi phewa lawo. Zaka zonsezo munthu anali pamenepo, kutalika kwake njerwa imodzi ndi thabwa.

Liwu loyamba linatuluka losweka, mpweya wokhawokha. Lachiwiri chimodzimodzi. Mlomo unali utafewa, ndipo lipenga linkawafunsa kuti kodi inu ndinu ndani. Manyazi anawagwira, thukuta lili kamukamu. Ananyambita milomo, anapuma, n'kuyesanso. Pang'ono ndi pang'ono linawakumbukira. Nyimbo inadzuka, inakwera monga inkakwerera, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire akazi awo, a Makiyi ankaimbira munthu. M'maso munatentha, ndipo ulendo uno akanafunsidwa sakanakana kuti akulira.

Kunja lole inaliza hutala. Iwo anapitiriza. Inalizanso kawiri, mwaukali, ndipo liwu la mwamuna linaitana kuti, "Amayi, tiyeni, kukuda!" Nyimbo inali itangofika pokwera paja. Kenako, kumbuyo kwa khutu lawo, pakhoma, panamveka gogogo.

A Makiyi anachotsa lipenga pamlomo. "Ndikubwera, mayi!"

Mawuwo anatuluka okha, ndipo mlomo unabwerera wokha pachitsulo. Munthu wa lipenga sasiya nyimbo panjira. Anaitsitsa bwinobwino, anaikhazika pansi, anakoka liwu lomaliza mpaka mpweya kutha. Sanaphonye paliponse. Anakankha chitseko, anavala malaya mothamanga, mabatani akusemphana, n'kutuluka panja lipenga lili m'manja.

Pabwalo panali matayala okha atadinda m'fumbi. Make mapasa ankaanula zovala pachingwe.

"Angonyamuka kumene," anatero. "Anaima pakhomo panupo kanthawi, koma mwana wawo uja ndi wopupuluma. Kodi chimenecho n'chiyani, a Makiyi?"

"Ndi chitsulo chakale," anayankha, n'kuchibisa kumbuyo.

Chitseko cha mayi Telala chinali chotsegula. Analowa. Munali tiziulusi pansi ndi madontho a mafuta pomwe pankakhala makina. Pakhoma la mbali yawo, kutalika kwa munthu wokhala pampando, penti inali itada ndi kusalala, malo ozungulira ngati mbale, pomwe mutu unkatsamira. Anaikapo dzanja. Makiyi awiri aja anali lende pachitseko, wakale ndi watsopano, atamangidwa pamodzi ndi kansalu. Anakhoma chitsekocho n'kukawapereka kwa a landilodi.

M'chipindacho munalowa anyamata awiri ogulitsa mafoni, a wailesi yosazima, oti ngakhale mutaliza lipenga pakhutu pawo sangatembenuke. A Makiyi akanatha kumaimba chitseko cha kabati chili chotsegula, koma amadzitsekerabe. Kachizindikiro ka pamlomo kanabwerera. Mwana wawo akaimba foni amamuuza kuti ali bwino, ndipo iye amakondwa kuti mankhwala ake anagwira. Akaweruka amasamba m'manja, amavula malaya, amakhala pakati pa diresi la ukwati wa eni ndi suti ya munthu wosamudziwa. Chomwe chinasintha n'chimodzi. Masiku ano nyimbo ija saimaliza ulendo umodzi. Akafika pokwera paja amachotsa lipenga pamlomo, n'kumvetsera kaye kukhoma.